Corgi ndi galu wa ng'ombe, miyendo yaifupiyo isakunamizeni

Funso: Ndili ndi ana awiri, wina wa zaka 9, wina wa zaka 4. Timakhala m'nyumba yosanja, kwathu n'kumwamba ndipo timakwera masitepe. Ine ndi bambo a ana timagwira ntchito tsiku lonse. Mwana wamkulu sakundipatsa mpata, akufuna tigule corgi chifukwa cha timavidiyo timene amaonera pa intaneti. Kunena zoona nanenso ndamukonda galu ameneyu. Akuoneka wofatsa komanso wamng'ono, ndiye ndikuganiza kuti sangatipatse ntchito yambiri. Kodi ndikulakwitsa? Ubwino wake ndi wotani, nanga zovuta zake ndi ziti?

Yankho: Mayi, mwachita bwino kufunsa galu asanalowe m'nyumba. Anthu ambiri amandipeza atakhala naye kale miyezi 6, ana akulira kuti akuwaluma kumapazi, aneba atasiya kuyankha moni chifukwa cha phokoso, ndipo amandifunsa kuti, "Kodi galu ameneyu wapenga?" Sanapenge ayi. Akungochita ntchito imene makolo ake ankagwira.

Mwanena kuti akuoneka wofatsa komanso wamng'ono. Pa mawu awiri amenewa palibe limene ndingalivomereze lonse. Corgi ndi galu wamfupi, koma si wamng'ono. Paphewa amatalika masentimita 25 mpaka 30 okha, koma tsiku limene mudzamunyamule mudzadabwa. Chifuwa n'chachikulu, mafupa ndi olimba, thupi ndi lalitali ngati chipika, ndipo kulemera kwake ndi makilogalamu 10 mpaka 14, ena kufika 17. Akauwa muli kuseri kwa chitseko mungaganize kuti m'nyumbamo muli chigalu cha msinkhu wa m'chiuno.

Agalu amenewa kwawo ndi ku Wales, kumadzulo kwa Britain, kumene alimi ankakusira nawo ng'ombe kwa zaka mazana ambiri. Dzina lenilenilo ndi la chilankhulo cha kumeneko, ndipo ambiri amalimasulira kuti galu wamfupi. Taganizirani mmene ntchitoyo inkayendera. Ng'ombe yolemera makilogalamu 500 yaima panjira, yakana kusuntha. Galu wa makilogalamu 12 amaizembera kumbuyo, n'kuigwira ndi mano pa kakolo, nthawi yomweyo n'kudzigwetsa pansi chafufumimba, theche n'kudutsa pamwamba pa mutu wake. Akanakhala wamtali, theche limenelo likanamuphwanya chibwano. Galu wamantha sakanakhalitsa pantchito yotere. Ankafunika wolimba mtima, wachangu, wamakani, wotha kuganiza yekha osadikira mbuye wake, ndiponso waphokoso, chifukwa kuuwa kunali chida chake china. Ng'ombe zija sizidzabwera nawo kunyumba kwanu, koma galu wake ndi yemwe uja. Zosangalatsa zake zonse ndi zovuta zake zonse zimachokera pamenepa.

Ma corgi alipo a mitundu iwiri, Pembroke ndi Cardigan, ndipo mayinawa ndi a madera a Pembrokeshire ndi Cardiganshire. Bungwe lolembetsa mitundu ya agalu la Kennel Club la ku Britain linkawalemba ngati mtundu umodzi mpaka linawasiyanitsa mu 1934. Amene mwana wanu amamuona pa intaneti, wofiirira, woyera pachifuwa, wa nkhope ngati ya nkhandwe, nthawi zambiri amakhala Pembroke. Cardigan ndi wamkulupo, makutu ake ndi aakulu obulungira kunsonga, mchira ndi wautali, ndipo ndi wosowa. Mwa amene ndakumana nawo, Cardigan amayamba wamuyang'anitsitsa mlendo asanamuyandikire, pamene Pembroke amalonjera aliyense ngati anakulira limodzi. Pembroke anatchuka kwambiri chifukwa cha Mfumukazi Elizabeth II. Bambo ake anabweretsa woyamba m'banjamo mu 1933, dzina lake Dookie, ndipo mu 1944 Elizabeth atakwanitsa zaka 18 anapatsidwa wakewake, Susan. Pa moyo wake anasunga ma corgi oposa 30, ambiri mwa iwo zidzukulu za Susan. Anthu akamanditchulira zimenezi ndimawakumbutsa zinthu ziwiri: kunyumba yachifumu kunali antchito osesa ubweya ndi kuyenda ndi agalu, ndipo mu 1991 mfumukazi yomweyo inalumidwa padzanja poleretsa ndewu ya agalu ake mpaka kukasokedwa.

Tsono ubwino wake ndiunene mosabisa, chifukwa ndi wochuluka. Ndinakhalapo ndi Pembroke wamkazi kwa zaka 13, ndipo sindinaonepo galu wina wodziwa za m'nyumba ngati iye. Ankatiwerenga. Madzulo munthu mmodzi akachedwa kubwera, iye sankagona pa malo ake. Ankakagona pakhonde la m'kati pamene ankatha kuona chitseko chakumaso ndi chakukhitchini nthawi imodzi, makutu ali njo, mpaka wochedwayo alowe. Akalowa, ankamununkhiza, n'kupuma mpweya wautali ngati munthu amene waweruka, kenako n'kukagona chafufumimba, miyendo yakumbuyo atayitambasula ngati chule. Gulu lake lakwana. Corgi amafuna kukhala pamene pali anthu, amasewera mpaka ukalamba, sachedwa kugwira zimene mukumuphunzitsa, ndipo nkhope yake ikakupendekerani mutu pamene mukulankhula, ngakhale tsiku litakuipirani bwanji mumapezeka mwaseka. Amayenda mtunda wautali kuposa mmene miyendo yake ikuonekera. Munthu akafika pakhomo mudzadziwa asanagogode.

Koma nzeru zimenezi zimadula mbali zonse. Amaphunzira zimene mukumuphunzitsa, amaphunziranso zimene simukudziwa kuti mukumuphunzitsa. Wanga uja tsiku lina anauwa kamodzi tili patebulo, mlendo wina n'kumuponyera kanyama kuti akhale chete. Usiku umodzi womwewo phunziro linalowa: ukauwa, nyama imagwa. Zinanditengera miyezi kuti ndimuiwalitse. Galu wopusa amakukhululukirani zolakwa zanu chifukwa sazizindikira. Corgi amaziona zonse n'kuzisunga.

Nkhani imene ikundidetsa nkhawa kwambiri pa banja lanu ndi ya mwana wa zaka 4. Mwana wa msinkhu umenewu amathamanga mwadzidzidzi, amakuwa ndi timawu tosongoka, amagwedeza manja, amakhota mosayembekezereka. M'maso mwa corgi, imeneyo ndi ng'ombe yaing'ono imene yachoka pagulu. Mudzaona galu akutsitsa mutu, akumuzungulira, kenako akumugwira chidendene kapena m'mphepete mwa buluku. Mwana akalira n'kuthamanga kwambiri, galu amaona kuti njira yake yagwira, ndiye amawonjezera. Si nkhanza, ndipo si kuti galu amamuda mwanayo, koma mano a kagalu ndi akuthwa ngati singano ndipo amaboola khungu. Mwana amene walumidwa kangapo amayamba kuopa kutsika pampando m'nyumba mwawo momwe.

Khalidwe limeneli limatheka kulichepetsa, koma ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku kwa miyezi ingapo, ndipo ndi ntchito ya munthu wamkulu. Mwana amaphunzitsidwa kuti galu akayamba kumuthamangira aime chilili ngati mtengo, apinde manja pachifuwa, asakuwe, asamuyang'ane. Chinthu chikaima, masewera atha. Nthawi yomweyo inu mumamuitana galu n'kumupatsa chinthu chololedwa kuluma, monga chingwe chokokerana kapena chidole chake, ndipo akachigwira mumamuyamikira. Akabwereranso kumapazi a mwana, mumamutulutsa m'chipindamo kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, osakalipa, osamenya. Kumenya corgi n'kutaya nthawi, ndipo mwina n'kudziputira vuto lalikulu: galu amene makolo ake sankathawa ng'ombe saopa dzanja lanu, amangophunzira kuti manja a anthu ndi oopsa, ndipo dzanja limene lili pafupi ndi pakamwa pake ndi la mwana wanu wamng'ono. Pa nthawi imene ana akusewera mothamanga, galu azikhala pa chingwe chimene mwagwira inu kapena kuseri kwa kachitseko kotchingira. Mugulireni mpira waukulu woti sangathe kuuluma, aziukankha ndi mphuno ndi chifuwa. Ambiri amaukusa mpaka kutopa, ndipo njala ya ntchito ija imapeza kolowera.

Chovuta n'chakuti mwana wa zaka 9 angathe kukumbukira kuima ngati mtengo, koma wa zaka 4 amaiwala akangosangalala kapena kuchita mantha. Nchifukwa chake mwana wa msinkhu umenewu sasiyidwa yekha ndi galu aliyense, ngakhale kwa nthawi yongopita kukayankha foni. Asamunyamule, asamukwere pamsana, asamuyandikire akudya kapena akugona. Mudziwenso kusiyanitsa. Kuluma kokusa kumachitika galu akuthamanga, thupi lili lomasuka. Galu akauma thupi, n'kuyang'ana cham'mbali, n'kulira chapakhosi pamene wina wayandikira mbale yake kapena chidole chake, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo ikufunika katswiri wa khalidwe la agalu msangamsanga.

M'mera mpoyamba. Kagalu kamazolowera zinthu zatsopano mosavuta kuyambira masabata 3 kufika cha m'ma 14. Poti sikayenera kuchoka kwa mayi ake kasanakwane masabata 8, inu mumatsala ndi masabata 6 okha oti mukaonetse dziko: anthu a misinkhu yosiyanasiyana, galimoto, njinga, phokoso la makina a m'nyumba, kugwiridwa mapazi ndi makutu. Katemera asanathe, mumakanyamula m'manja popita panja, osakatsitsa pamene agalu osadziwika amaponda. Masabata amenewa akadutsa kagalu kali kokhakokha m'nyumba yotseka, mudzalipira kwa zaka.

Apa ndiye pafika pa nkhani yoti nonse mumachoka tsiku lonse. Kagalu ka miyezi 2 kapena 3 sikangasunge mkodzo kupitirira maola 2 kapena 3. Ngakhale galu wamkulu, mabungwe ambiri oona za ziweto amalangiza kuti asamasiyidwe yekha kupitirira maola 4 nthawi imodzi. Corgi amene watsekeredwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo amadzipezera yekha ntchito, ndipo ntchito imene amasankha ndi yaulonda. Wina akatseka chitseko pansi, auwa. Wina akakwera masitepe, auwa. Mbalame ikatera pawindo, auwa. M'nyumba yosanja, imene khoma lanu ndi khoma la mnzanu, zimenezi zimathetsa chibale. Mungathe kumuphunzitsa kuti auwe kawiri kapena katatu kenako asiye mukamuuza, koma kuti akhale galu wachete, iwalani. Ndipo kumukalipira akamauwa sikuthandiza, iye amangoona ngati mwabwera kudzamuthandiza kuuwa.

Kuchepa kwa nyumba pakokha si vuto. Ndaonapo ma corgi okhala bwinobwino m'zipinda ziwiri, ndaonaponso osokonezeka mutu ali ndi bwalo lalikulu. Chofunika ndi kuyenda pafupifupi ola limodzi patsiku, logawa m'mawa ndi madzulo, kuphatikizapo ntchito ya mutu. Mphindi 10 zomuphunzitsa kukhala, kudikira, kubwera akaitanidwa, kapena kumubisira chakudya m'makona kuti achifufuze ndi mphuno, zimamutopetsa kuposa kuthamanga kopanda cholinga. Kukatentha muziyenda naye m'mamawa kapena dzuwa litapepa. Ubweya wake ndi wa kumalo ozizira, ndipo mimba yake ili pafupi ndi nthaka yotentha. Ikani kumbuyo kwa dzanja lanu pa msewu. Ngati simungapirire, iyenso mapazi ake sangapirire.

Za ubweya sindichulutsa, koma musazitenge mopepuka. Uli pawiri: wakunja wolimba wotchinga mvula, ndi wam'kati wofewa ngati thonje. Umathothoka chaka chonse, ndipo kawiri pachaka umachita kusosoka. Nthawi imeneyo mukamupesa mumadzaza thumba, n'kumuyang'ana galu ali chimodzimodzi ngati simunamukhudze. Mudzaupeza pa zovala, pa mipando, mu galimoto, ngakhale m'kapu ya tiyi. Kumupesa kawiri kapena katatu pa sabata, ndi tsiku lililonse pa nyengo yososoka, kumachepetsa koma sikuthetsa. Musamumete mpala poganiza kuti mukumuthandiza, ubweya umenewo umatetezanso khungu ku dzuwa ndipo nthawi zina sumeranso bwino. Ngati m'banjamo muli wa mphumu kapena amene amayetsemula akakhala pafupi ndi ziweto, zimenezi mudziwiretu musanagule.

Tsopano thupi lake, ndipo apa ndikupemphani muwerenge modekha. Corgi ndi wadyera. Amadya ngati sanadye masiku atatu, akamaliza n'kukuyang'anani ndi maso achisoni ngati mwamumana. Ma corgi ambiri amene ndimawaona ndi onenepa kupitirira muyeso, ndipo eni ake sadziwa, chifukwa pa intaneti kunenepa kumeneku ndi kumene anthu amakuombera m'manja. Kilogalamu imodzi yowonjezera pa galu wa makilogalamu 12 ili ngati makilogalamu 6 pa munthu wa makilogalamu 70, ndipo katundu ameneyo akulendewera pa msana wautali wochirikizidwa ndi timiyendo tinayi tatifupi. Kafukufuku wina wotchuka amene anatuluka mu 2002 anatsatira agalu 48 a mtundu wa Labrador moyo wawo wonse. Amene ankapatsidwa chakudya chochepa ndi 25 peresenti anakhala ndi moyo wautali ndi pafupifupi zaka 2 kuposa anzawo, ndipo matenda a m'mfundo anawapeza mochedwa. Palibe mankhwala amene ndingakupatseni opambana pamenepo.

Njira yodziwira ndi manja, osati maso, chifukwa ubweya umabisa. Muyendetse zala m'mbali mwa chifuwa chake mopanda kudinikiza. Nthiti zizimveka ngati mmene mafupa a kumbuyo kwa dzanja lanu amamvekera. Ngati mukuchita kukumba kuti muzipeze, wanenepa. Mukamuyang'ana kuchokera pamwamba, chiuno chizioneka cholowa m'kati. Chakudya muziyeza pa sikelo, osati kungotapa, ndipo tokometsera tonse tisapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a chakudya cha tsikulo. M'nyumba ya ana ang'ono lamulo limeneli ndi limene limathyoledwa kwambiri, chifukwa galu sachedwa kuzindikira mpando umene pansi pake pamagwa zinthu. Anawo adziwenso kuti chokoleti, mphesa zaziwisi ndi zouma, anyezi, ndi chingamu kapena maswiti okhala ndi chotsekemeretsa chotchedwa xylitol zimatha kupha galu.

Miyendo yaifupi ija imabwera ndi mtengo wake. Ndi chibadwa chimene chimachititsa mafupa a miyendo kusiya kukula msanga, chomwechonso chili mwa agalu a mitundu ya dachshund ndi basset hound. Akatswiri anapeza jini yake (kachidutswa ka chibadwa kotengera kwa makolo) mu 2009, yotchedwa FGF4, ndipo mu 2017 anapezanso kuti mtundu wina wa jini yomweyi umakalambitsa msanga timapilo tapakati pa mafupa a msana. Timapilo timeneti ndi timene timachititsa kuti msana uzipindika komanso kulandira kugunda galu akadumpha. Tikauma n'kulimba, tsiku lina kamodzi kamatha kuphulika n'kupanikiza mtsempha waukulu wa mumsana. Madokotala a ziweto amatcha matendawa IVDD. Dachshund ndiye amavutika nawo kwambiri, koma corgi nayenso ali pa mndandanda.

Zizindikiro zake muzidziwe pamtima. Galu amene dzulo amathamanga, lero akukana kukwera kapena kutsika, wapinda msana, akunjenjemera, akulira mukamunyamula, kapena akuyenda mopepesuka miyendo yakumbuyo ngati woledzera. Zikafika poipa, akukwawa ndi miyendo yakutsogolo yokha, yakumbuyo ikukhwekhwereka, mkodzo ukungotuluka kapena sukutuluka n'komwe. Pamenepo musadikire kuti kuche. Mumuike pa chinthu chathyathyathya kapena m'bokosi lake kuti asamapindike, n'kuthamangira kwa dokotala wa ziweto, chifukwa galu akasiya kumva kupweteka kuzala zakumbuyo, mwayi woti adzayendanso umachepa ola ndi ola. Musamupatse mankhwala opha ululu a anthu. Ibuprofen amawononga mimba ndi impso za galu. Zizindikiro za msanazi zikakhala zochepa, chithandizo chimakhala mankhwala ndi kumutsekera pa malo ochepa masabata 4 mpaka 6 kuti asadumphe, ndipo kusunga corgi chete kwa mwezi wathunthu ndi mayeso a munthu, osati a galu. Zikakula pamafunika opaleshoni, imene kulikonse ndi yokwera mtengo kwambiri. Aliyense wogula galu wa mtundu umenewu ayenera kukhala ndi inshuwalansi ya galu kapena ndalama yapadera yosungira tsiku lotere.

Masitepe anu akulowa pamenepa. Sindikunena kuti corgi sangakwere masitepe, amakwera, ndipo galu wolimba minofu, wosanenepa, ali pabwino kuposa amene amangonyamulidwa ngati dzira. Koma kutsika kumagunditsa miyendo yakutsogolo ndi msana, makamaka akamatsika mothamanga kangapo patsiku. Kagalu muzikanyamula mpaka katakula, dzanja limodzi pansi pa chifuwa, lina pansi pa matako, msana uli wowongoka. Musamulole kudumpha kuchokera pa bedi kapena pa sofa, muikireni thabwa lotsetsereka lokwerera. Pansi poterera muyale kapeti. Ndikuuzeninso zoona kuti zonsezi zimachepetsa ngozi koma siziichotsa, poti gwero lake ndi chibadwa. Ndipo dzifunseni funso ili: galu ameneyu akadzakalamba kapena kudwala, ndani adzanyamule makilogalamu 13 kutsika ndi kukwera masitepe amenewo kanayi patsiku?

Funsoli si longoopseza, chifukwa pali matenda ena a ukalamba amene ndi ofala mwa Pembroke, otchedwa degenerative myelopathy. Amayamba galu atapitirira zaka 8, mwa ma corgi nthawi zambiri cha m'ma 10 kapena 11. Sapweteka, ndipo ndi chimene chimawasiyanitsa ndi vuto la timapilo lija. Mumangoyamba kumva zikhadabo zakumbuyo zikukhwekhwereza pansi, mukaziyang'ana n'kupeza zaperepeseka mbali imodzi. Pang'ono ndi pang'ono miyendo yakumbuyo imafooka mpaka kufa. Mankhwala ochiza palibe. Kulimbitsa thupi ndi kangolo ka matayala awiri komangirira kumbuyo zimamupatsa nthawi yowonjezera, ndipo ma corgi ambiri amakazolowera kangoloko n'kumathamanga nako ngati palibe chachitika. Mu 2009 akatswiri anagwirizanitsa matendawa ndi kusintha kwa jini ya SOD1, yomwenso imapezeka pa mitundu ina ya matenda a ALS, amene amafooketsa minofu mwa anthu. Pali njira yoyezera DNA kuti aone ngati galu ali ndi jiniyi. Galu amene watenga jini yosinthikayo kwa makolo onse awiri ali pa chiopsezo, ngakhale si onse otero amene amadwala. Palinso mavuto a mfundo ya m'chiuno, matenda a magazi osaundana msanga otchedwa von Willebrand mwa Pembroke, ndi vuto la kusaona lobwera pang'onopang'ono mwa Cardigan. Onsewa makolo a kagalu angathe kuyezedwa asanakwatitsidwe.

Ndiye mukadzafika pogula, woweta wabwino mudzamudziwa ndi zinthu zochepa. Adzakuonetsani mayi wa tiagaluto ali nato pamalo pamene tikukulira. Adzakuonetsani mapepala a zoyeza za makolo popanda kuchita kukakamizidwa. Sadzakupatsani kagalu kosakwana masabata 8. Ndipo adzakufunsani mafunso ambiri kuposa amene inu mudzamufunse, mwinanso kukukanizani. Wogulitsa amene akufuna mukumane pamsewu, kapena amene akukweza mtengo ponena kuti mtundu wa ubweya ndi wosowa, mutalikireni. Ubweya wamawangamawanga wotuwira wotchedwa merle umapezeka mwa Cardigan, osati mwa Pembroke weniweni, ndipo kukwatitsa agalu awiri a ubweya wotere kumatha kubala ana ogontha kapena osaona. Za mchira, ma Pembroke ena amabadwa ndi waufupi, koma ambiri amachita kudulidwa ali ndi masiku ochepa. Ku Britain kudula mchira wa galu wongosunga pakhomo kunaletsedwa mu 2007. Corgi wa mchira wake wonse alibe vuto lililonse, ndipo ine ndimamukonda wotero chifukwa n'kosavuta kuti mwana aone ngati galu wasangalala kapena ayi.

Tsono kodi mukulakwitsa? Pa mfundo yoti sangakupatseni ntchito yambiri, inde mayi, mukulakwitsa. Mmene zinthu zilili panopa, nonse kuntchito tsiku lonse, mwana wa zaka 4 m'nyumba, aneba kuseri kwa khoma, kagalu ka corgi sindingakulangizeni. Koma chitseko sindikuchitseka. Ngati pali munthu wodalirika amene angamabwere masana kudzatuluka naye, kapena mmodzi wa inu angamagwire ntchito ali kunyumba masiku ena, nkhani yasintha. Ngati mungadikire zaka 2 kuti wamng'onoyo afike 6, yasinthanso kwambiri. Ndipo ganizirani za corgi wamkulu wa zaka 2 kapena 3 amene akufuna banja latsopano, woti anakhalapo ndi ana ndipo khalidwe lake likudziwika. Iye anadutsa kale msinkhu wa mano a singano, amadziwa kusunga mkodzo, ndipo chimene mukuona ndi chimene mukutenga.

Kumbukiraninso kuti corgi amakhala zaka 12 kapena 13, ena kuposerapo. Mwana amene akulirira galu lero adzakhala ndi zaka 21 kapena 22 galuyo akamakalamba, mwina atachoka kale pakhomo. Angathe kuthandiza kupesa, kuyeza chakudya, kuphunzitsa timasewera, ndipo ana a zaka 9 amachita bwino kwambiri pa zimenezi. Koma galuyo adzakhala wanu ndi bambo.

Musanamuyankhe mwanayo, yesani izi kwa masiku 30. Inu ndi iye muzidzuka m'mawa kukayenda mphindi 30, madzulonso mphindi 30, popanda galu, kaya kukugwa mvula kaya mwatopa, ndipo muzichonga pa kalendala tsiku lililonse limene mwakwanitsa. Pa mwezi womwewo pezani munthu amene ali ndi corgi, mumupemphe kuti mukacheze kwawo masana onse ndi ana onse awiri. Muvale zakuda. Mwini wake ali pafupi ndipo galu ali pa chingwe, mulole wamng'onoyo athamange pang'ono pabwalo, inu muyang'ane maso ndi mutu wa galu. Wina akagogoda pachitseko, mvetserani. Mumunyamulenso galuyo kamodzi, mmene ndafotokozera muja, muyende naye masitepe angapo. Mukabwerera kunyumba, yang'anani kaye zovala zanu, kenako mufunse wa zaka 4 uja ngati akufuna kudzapitanso.